Kodi X-ray ya nyenyezi zakufa ingatiululire dark matter?

Mphunzitsi wina wa sayansi kusekondale watifunsa kuti: "Ndamva zoti akatswiri a zakuthambo akusaka dark matter poyang'ana X-ray yochokera ku nyenyezi za neutron ndi ma white dwarf. Ana anga a Fomu 4 anandifunsa kuti chinthu chosaoneka chingatulutse bwanji kuwala, ine kukamwa yasa. Zimayenda bwanji zimenezi, nanga anachipeza kale?"

Aphunzitsi, anawo agwira pamene pali nkhani penipeni. Sanachipeze. Komanso X-ray imene akuisakayo siichokera ku dark matter imene yadzaza mumlalang'amba wathuwu. Chimene akufuna kutsimikiza n'chakuti kodi kanthu kakang'onong'ono kotchedwa axion kalipodi m'chilengedwe kapena ayi. Kakapezeka, ndiye kuti woganiziridwa wamkulu pamlandu wa dark matter wagwidwa, koma kugwira munthu pafupi ndi khola sikutsimikiza kuti ndiye waba mbuzi. Mpofunika kusiyanitsa ziwirizi kuyambira pachiyambi, chifukwa nkhani zambiri zofalitsidwa zimaziphatikiza.

Za dark matter yeniyeniyo sindichedwapo. Mu 1933 Fritz Zwicky anaona kuti milalang'amba ya m'gulu la Coma ikuthamanga kwambiri moti zinthu zooneka zokha sizikanatha kuigwira pamodzi. M'zaka za m'ma 1970 Vera Rubin ndi Kent Ford anapeza zofananazo pa nyenyezi za m'mphepete mwa milalang'amba monga Andromeda. Lero chiwerengero n'chakuti pa zinthu zonse zokhala ndi kulemera m'chilengedwe, pafupifupi 85 pa 100 alionse sizitulutsa kuwala, siziyamwa kuwala, ndipo timazidziwa ndi mphamvu yake yokoka basi.

Axion sanaiganizire chifukwa cha dark matter. Mu 1977 Roberto Peccei ndi Helen Quinn ankalimbana ndi vuto lina lokhudza mphamvu imene imamanga chikatikati cha atomu, ndipo chaka chotsatira Steven Weinberg ndi Frank Wilczek anasonyeza kuti maganizo amenewo akutanthauza kuti payenera kukhala kanthu katsopano, kopepuka kwambiri, kosakhudzana ndi zinthu zina pafupifupi n'komwe. Dzinalo Wilczek analitenga ku sopo wochapira zovala, poti kanthuko kankatsuka vuto. Pambuyo pake anthu anazindikira kuti kanthu kotere kakanapangidwa kochuluka chilengedwe chikuyamba, ndipo kangakhale dark matter. Khalidwe lake lofunika kwa ife ndi limodzi: axion ikadutsa m'dera la mphamvu ya maginito ikhoza kusanduka photon, kachidutswa ka kuwala, ndipo photon ikhozanso kusanduka axion. Pierre Sikivie ndiye anasonyeza mu 1983 kuti khalidwe limeneli lingagwiritsidwe ntchito poisaka. Posandukapo mphamvu siitayika. Axion ya mphamvu yochepa imabereka mafunde a wailesi, ya mphamvu yambiri imabereka X-ray. Apa ndiye pali yankho la ana aja: chosaonekacho sichiwala, chimasanduka kuwala.

Ndiye pakufunika zinthu ziwiri, ng'anjo yopanga ma axion ndi maginito yowasandutsa. Ku CERN, malo ofufuzira za sayansi ku Ulaya, anayesa kulekanitsa ziwirizi: ng'anjo ndi dzuwa, maginito ndi ya pansi pano, ya ma tesla 9, yotalika mamita oposa pang'ono 9, imene ankailozetsa kudzuwa likamatuluka ndi likamalowa. Ntchito imeneyi inkatchedwa CAST ndipo sinapeze kanthu. Nyenyezi yakufa ili ndi zonse ziwiri pamalo amodzi, ndipo maginito yake ilibe mnzake. Poyeza maginito ndi gauss (tesla imodzi ndi ma gauss 10,000), ya dziko lathu ndi pafupifupi theka la gauss, ya makina a MRI ambiri akuchipatala ndi ma gauss 15,000, ya CAST ija inali 90,000, pamene nyenyezi za neutron zimene tikunenazi zili ndi ma gauss oposa 10 thiriliyoni.

Nyenyezi ya neutron ndi chotsala cha nyenyezi yaikulu imene inaphulika. Imalemera kuposa dzuwa koma m'mimba mwake ndi makilomita 20 mpaka 25 okha. Muyeso wa mphamvu ya photon umene akatswiri a X-ray amagwiritsa ntchito ndi keV, ndipo 1 keV ndi ma eV 1,000. Kuwala kumene maso athu amaona kuli pakati pa 2 ndi 3 eV, X-ray yakuchipatala ili m'ma keV makumi angapo, ndipo kutentha kwa madigiri 11.6 miliyoni kumafanana ndi 1 keV. M'kati mwa nyenyezi ya neutron ya zaka mahandiredi angapo a masauzande mumatentha madigiri mamiliyoni makumi, pamene kunja kwake n'kozizirirapo kwambiri, osafika pa miliyoni imodzi nthawi zambiri. Kuwala kwa m'kati sikungatuluke mwachindunji, kumatsekeredwa ndi chikhungwa cha nyenyeziyo. Koma ngati ma neutron akamagundana m'katimo amatulutsa ma axion, amenewo amadutsa osaimitsidwa ndi kanthu, atanyamula mphamvu ya kutentha kwa m'kati. Akafika kunja, ochepa mwa iwo amasanduka X-ray. Choncho chizindikiro chimene amachisaka ndi X-ray yamphamvu, ya 2 mpaka 8 keV kapena kuposa, yochokera ku nyenyezi imene kunja kwake sikungathe kupanga X-ray yotero.

Mawu akuti sikungathewa anawo akhoza kuwatsimikiza okha ndi kakyuleta. Nyenyezi yodziwika kwambiri pankhaniyi, RX J1856.5-3754, kunja kwake kumatentha pafupifupi madigiri 700,000, amene ali ngati 62 eV. Gawani 2,000 (ma eV a mu 2 keV) ndi 62, mupeza pafupifupi 32. Kuwala kwa chinthu chotentha kumachepa potsatira e (nambala ya masamu ya pafupifupi 2.718) yokwezedwa ku nambala imeneyo ndi chizindikiro chochotsera, ndipo e yokwezedwa ku -32 ndi nambala yokhala ndi maziro 13 pambuyo pa kadontho. Ngakhale mutawerengera zina zonse, ma photon a 2 keV amachepa kuposa gawo limodzi mwa magawo 10 biliyoni poyerekeza ndi pamene kuwalako kwachuluka kwambiri. Photon ya 4 keV yochokera kunja kwa nyenyezi imeneyi ndi yosayembekezereka n'komwe.

Pali msampha umene munthu sangauganizire. Mungayese kuti pamene maginito ili yamphamvu kwambiri, pafupi ndi nyenyeziyo, ndi pamene kusandukako kumachitika kwambiri. Ayi. Maginito yoopsa chonchi imasintha mmene kuwala kumayendera ngakhale pamalo popanda kanthu, ndipo photon ndi axion zimasiya kuyendera limodzi, ngati ovina awiri amene aphonyana ng'oma. Georg Raffelt ndi Leo Stodolsky anafotokoza zimenezi mu 1988. Zotsatira zake n'zakuti kusandukako kumachitikira kutali, makilomita mahandiredi angapo kuchoka pa nyenyeziyo, kumene maginito yafookako. Pa chifukwa chofananacho, njirayi imagwira pa axion yopepuka kwambiri yokha, yosapitirira pafupifupi 0.00001 eV. Yolemera kuposa apo imaphonyana ndi photon isanasanduke.

Si nyenyezi ya neutron iliyonse imene ili yothandiza. Ya ku Crab Nebula imalavula X-ray yamphamvu yochuluka pa iyo yokha, ndipo imene ili ndi inzake yoimeza mpweya nayonso imatero. Kusaka axion pamenepo kuli ngati kumvetsera kulira kwa udzudzu m'chigayo. Zofunika ndi nyenyezi zokhala zokha, zachete, zapafupi. Zilipo zisanu ndi ziwiri zimene setilaiti ya ku Germany yotchedwa ROSAT inazipeza m'zaka za m'ma 1990, ndipo zimatchedwa Magnificent Seven. RX J1856.5-3754 ili pamtunda umene kuwala kumayenda zaka pafupifupi 400, imazungulira kamodzi pa masekondi 7, ndipo ili m'gulu la nyenyezi la Corona Australis, kum'mwera kwa Sagittarius. Gulu limeneli limaoneka bwino kwathu kuno madzulo a miyezi yozizira, ngakhale nyenyeziyo payokha ndi yosaoneka popanda telesikopu yaikulu kwambiri.

X-ray siidutsa mumpweya wa dziko lathu, choncho zonse zimadalira matelesikopu a m'mlengalenga. Chandra ya NASA inakwera mu July 1999, XMM-Newton ya bungwe la ku Ulaya la ESA mu December chaka chomwecho, ndipo NuSTAR, imene imaona kuyambira 3 mpaka 79 keV, mu June 2012. Makinawa sajambula chithunzi monga kamera ya foni. Amalemba photon iliyonse payokha: nthawi imene yafika, malo amene yagwera, ndi mphamvu yake. Wofufuza amatenga mndandanda umenewu m'nkhokwe zimene aliyense angalowemo pa intaneti, n'kuukonza ndi mapulogalamu a CIAO ngati ndi Chandra kapena SAS ngati ndi XMM-Newton. Choyamba amataya nthawi zimene makina anasokonezedwa ndi ma proton ochokera kudzuwa, vuto limene limavutitsa XMM-Newton kwambiri ndipo limadya gawo lalikulu la nthawi yoonera. Kenako amajambula kabwalo kakang'ono pamalo pa nyenyeziyo ndi mphete yaikulu yoizungulira. Za mumphete zimamuuza kuchuluka kwa ma photon ongogwa paliponse, ndipo amayerekeza ndi za m'kabwalo, m'magawo a mphamvu monga 2 mpaka 4, 4 mpaka 6, 6 mpaka 8 keV. Kabwaloko sikakhala malo amodzi zaka zonse, chifukwa RX J1856.5-3754 imasuntha pafupifupi gawo limodzi mwa atatu a arcsecond pachaka. Arcsecond ndi gawo limodzi mwa 3,600 a digiri, ndipo mwezi wathunthu ndi ma arcsecond pafupifupi 1,800.

Ntchito yeniyeni ili pokana zabodza, ndipo chabodza choyamba ndi chimene amachitcha pile-up. Kamera ya ACIS ya pa Chandra nthawi zambiri imawerenga kamodzi pa masekondi 3.2. Ma photon awiri kapena atatu ofooka akagwera malo amodzi m'nthawi imeneyo, makina amawaphatikiza n'kulemba photon imodzi yamphamvu. Atatu a 0.7 keV amasanduka imodzi ya 2.1 keV imene kulibe. Taonani kuipa kwake: nyenyezi zimenezi zimawala kwambiri m'X-ray yofooka, ndipo cholakwikacho chimagwera ndendende pamalo pa nyenyeziyo, kumene mukuyembekezera axion. Kuchotsera za mumphete sikuthandiza. Mankhwala ake ndi kuwerenga kagawo kakang'ono ka kamera kuti nthawi ifupike, monga mmene kamera ya pn ya pa XMM-Newton imatsikira kuchoka pa masekondi 0.073 kufika pa 0.006, ndiponso kuyeserera pakompyuta kuti nyenyezi yopanda X-ray yamphamvu ingapereke ma photon abodza angati. Pile-up imaunjikana kufupi ndi 2 keV n'kumazimirira msanga mukamakwera, choncho photon ya 6 keV ndi yovuta kuikana mwa njira imeneyi.

Chabodza chachiwiri ndi mlendo wakumbuyo. Thambo ladzaza ndi milalang'amba yakutali yokhala ndi mabowo akuda (black hole) amene zinthu zogwera mmenemo zimatulutsa X-ray yamphamvu, ndipo umodzi ukhoza kukhala kuseri kwa nyenyezi yanuyo. Apa Chandra ndiye katswiri, chifukwa imasiyanitsa zinthu zotalikirana theka la arcsecond. Kabwalo ka arcsecond imodzi kuchoka pakati kamachepa maulendo 225 poyerekeza ndi ka ma arcsecond 15 kamene makina osaona bwino angafune, ndipo mwayi wa mlendo umachepa chimodzimodzi. Kusuntha kwa nyenyezi kuja kumathandizanso: pa zaka 20 imakhala itayenda ma arcsecond oposa 6, pamene mlalang'amba wakutali umakhala pomwepo.

Chachitatu ndi masamu a zinthu zochepa. Tiyerekeze kuti m'kabwalo mukuyembekezera ma photon 2 ongogwa okha koma mwapeza 5. Zimaoneka ngati zazikulu, komabe zotere zimangochitika zokha kamodzi pa maulendo 20 alionse. Mukayang'ana nyenyezi zisanu ndi ziwiri, pa makamera angapo, m'magawo atatu a mphamvu, mwaponya dayisi kambirimbiri, ndipo penapake zodabwitsa zituluka ndithu.

Nanga anapeza chiyani? Mu 2020 Christopher Dessert, Joshua Foster ndi Benjamin Safdi anafalitsa kuti pa nyenyezi ziwiri, RX J1856.5-3754 ndi RX J0420.0-5022, pali X-ray ya 2 mpaka 8 keV yoposa imene ikuyembekezereka. Kumayambiriro kwa 2021 Safdi ndi Dessert pamodzi ndi Malte Buschmann ndi Raymond Co anasonyeza kuti axion ikhoza kufotokoza zimenezi popanda kutsutsana ndi malire amene CAST inaika posapeza kanthu. Iwo sananene kuti aipeza. Mu 2022 gulu lina lotsogozedwa ndi Davide De Grandis linasonkhanitsa zaka 20 za XMM-Newton ndipo linatsimikiza kuti X-ray yamphamvu ilipodi pa RX J1856.5-3754. Koma kukhalapo kwake sikunena gwero lake. Nyenyezi ya neutron yozungulira ili ngati jenereta: ikhoza kuthamangitsa ma elekitironi m'maginito yake n'kupanga X-ray yamphamvu pang'ono, monga zimachitira nyenyezi zina za mtundu wake. Kuganiza kwanga n'kwakuti malongosoledwe wamba amenewa ndiwo ayenera kugonjetsedwa kaye, chifukwa safuna kanthu katsopano m'chilengedwe.

Vuto lalikulu la nyenyezi za neutron n'lakuti ng'anjoyo sitiidziwa bwino. Kutentha kwa m'kati sikuyezedwa, kumangowerengedwa kuchokera ku kutentha kwa kunja ndi zaka za nyenyeziyo, ndipo yankho limasintha malinga ndi zimene chikhungwa chinapangidwa nazo. Tsono kuchuluka kwa ma axion kumakwera ndi kutentha kochulukitsidwa kokha kasanu ndi kamodzi. Mukalakwitsa n'kuwirikiza kutenthako kawiri, mwalakwitsa ma axion maulendo 64. Onjezerani kuti ma neutron a m'katimo akhoza kumangana awiriawiri n'kuyenda opanda kukhulana, zimene zimadula kagundanidwe kawo, ndipo muona chifukwa chake ngakhale kusapeza kanthu pa nyenyezi ya neutron kumapereka malire ofewa.

Apa ndi pamene white dwarf imapambanira. Imeneyi ndi chotsala cha nyenyezi yonga dzuwa lathu, yaikulu ngati dziko lapansi kapena kucheperapo. M'kati mwake ma axion angapangidwe ndi ma elekitironi okhotetsedwa ndi chikatikati cha maatomu, ndipo sayansi ya zimenezi ndi yodziwika bwino kwambiri kuposa ya m'kati mwa nyenyezi ya neutron. Kuchuluka kwake kumatsatira kutentha kochulukitsidwa kanayi, choncho kulakwitsa kawiri kumabala 16, osati 64. Maginito yake ndi yofooka poyerekeza, ma gauss mamiliyoni mahandiredi pa zamphamvu zenizeni, koma imafalikira dera lalikulu maulendo mahandiredi, ndipo kusanduka kwa axion kumadalira mphamvu ya maginito ndi kutalika kwa njira yomwe. Chokoma kwambiri n'chakuti white dwarf yokhala yokha ilibe njira ina yopangira X-ray ya ma keV. Kunja kwake kumatentha madigiri masauzande makumi okha, ndipo pile-up palibe chifukwa palibe choti chiunjikane.

Yosankhidwa inali RE J0317-853, kufupi ndi nsonga ya kum'mwera ya thambo, pamtunda wa zaka za kuwala zosakwana pang'ono 100. Ndi yolemera kwambiri pa mtundu wake, pafupifupi 1.3 ya dzuwa, ndi yotentha, ndipo imazungulira kamodzi pa masekondi 725. Mu 2019 Dessert, Safdi ndi Andrew Long anayamba ndi zimene setilaiti ya ku Japan ya Suzaku inaona kale, kenako anapatsidwa Chandra kwa masekondi pafupifupi 37,000, maola oposa pang'ono 10, mu December 2020. Sanapeze X-ray yochokera ku nyenyeziyo. Zimene anafalitsa mu 2022 zinapanikiza kwambiri mtundu wa axion umene ukanafotokoza za Magnificent Seven zija. Sizinatseke chitseko kotheratu, chifukwa white dwarf imayesa mgwirizano wa axion ndi ma elekitironi pamene nyenyezi ya neutron imayesa wa ma neutron, ndipo njira zonse ziwiri zimangoona zotsatira za kuchulukitsa mgwirizano umenewo ndi wa photon, osati uliwonse pawokha. Muwauze anawo kuti kusapeza kanthu kotere ndi muyeso nakonso: kumanena kuti axion, ngati ilipo, ndi yamanyazi kuposa mlingo wakutiwakuti.

Dark matter yeniyeni, imene ikuyandama mumlalang'amba, imasakidwa pa nyenyezi zomwezi koma osati ndi X-ray. Ma axion amenewo amayenda pang'onopang'ono, makilomita mahandiredi ochepa pa sekondi, choncho mphamvu yawo yonse pafupifupi ndi kulemera kwawo basi. Akagwera m'maginito ya nyenyezi ya neutron angasanduke mafunde a wailesi omveka pa nambala imodzi yokha, monga siteshoni ya wailesi, ndipo axion ya 0.000001 eV ingamveke pa 242 MHz. Telesikopu ya Green Bank ku America ndi ya Effelsberg ku Germany zinasaka zimenezi, ndipo MeerKAT, ya mbale 64 ku Karoo m'dziko la South Africa, inamvetsera RX J0806.4-4123, imodzi mwa zisanu ndi ziwiri zija, kwa maola 10 osamva kanthu. Njira ina ndi ya dark matter ya mtundu wina, yolemera kuposa axion: ikamagwera pa nyenyezi ya neutron yokalamba ikhoza kuitenthetsa kufika pa madigiri pafupifupi 2,000, kutentha kumene kumawala mu infrared, ntchito ya matelesikopu onga James Webb. Vuto lake ndi kupeza nyenyezi yozizira chonchi pafupi nafe. Pa PSR J2144-3933, imodzi mwa zozizira kwambiri zimene zayezedwa, telesikopu ya Hubble inangotha kunena kuti siifika pa madigiri 42,000.